Mseu wa Kum'mawa Tinauyenda Masana

Kwa zaka zambiri, mseu waukulu wocoka ku Lusaka kupita ku Chipata, umene onse amaudziwa ndi dzina lakuti Great East Road, kwa ife unali mseu wa maliro. Tsiku lina titakhala pansi ndi kuwerenga ndi zala, tinapeza kuti pa zaka 12 tinauyenda kasanu, ndipo maulendo onse asanuwo tinali kuperekeza bokosi, kapena kuthamangira kumudzi kuti tikapeze manda asanakwiriridwe. Tinali kunyamuka usiku, titapanikizana pa lole pakati pa matumba a ufa ndi kabichi, azimai a ku chalichi kwathu akuimba kufikira mau atasasa. Za mapiri ndi mitsinje ya m'njira sitinali kuona kanthu. Tinali kungomva injini ikubuula pokwera mtunda ndi makutu kutseka potsika, kenaka kunja kwaca tiri kale pa bwalo la maliro.

Cimene cinatitsegula maso ndi mau a Amai. Amaiwa amakhala m'mudzi wina kufupi ndi Katete, m'tsinde mwa mapiri a Mphangwe. Kwa mmodzi wa ife ndiwo amai omubala, kwa winayo ndi apongozi, koma m'nyumba mwathu tonse timangoti Amai. Madzulo ena m'mwezi wa Julaye 2024 anabwereka foni kwa mnyamata wa m'mudzimo natiimbira. Atafunsa za moyo wa aliyense, mmodzimmodzi monga mwa cizolowezi cao, anati: "Ana anga, ndalama zimene mumatumiza pa foni ndimalandira, zikomo. Koma ndalama siziseka, ndiponso sizindiitana kuti agogo. Kodi nkhope zanu ndidzaziona ndi maso angawa, kapena mukudikira kuti mudzandione nditatsinzina? Ngati ndi maliro mukuyembekeza, bwerani mudzalire tsopano ndikumva, kuti ndikuthokozeni ndekha."

Tinaseka pa foni, koma usiku umenewo sitinaone tulo. Zifukwa tinali nazo zambiri, ndipo zonse zinali zoona: ndalama za sukulu, kukwera mtengo kwa mafuta, nchito yosalola munthu kucoka. Komabe tinadzifunsa kuti, nanga maliro akagwa, ndalama za ulendo zimacokera kuti? Pa maliro palibe mmodzi wa ife amene ananenapo kuti mafuta adula. Lamulo lacinayi la Mulungu, limene tinaloweza pa katekisimu tiri ana, sitinaliiwale ai, koma tinali kulisungira tsiku la manda.

Motero cakumapeto kwa Ogasiti, ana athu atatu ali pa chuthi, tinabwereka galimoto kwa mnzathu wa mtima wabwino. Kucoka ku Lusaka kukafika ku Chipata pali makilomita pafupifupi 570, ndipo Katete ali cakuno, osakwana pang'ono makilomita 500. Basi imatha mtunda umenewu tsiku limodzi. Ife tinapangana kuti tiupatse masiku awiri, tiyende dzuwa likuwala, ndipo tiime paliponse pamene mwana anganene kuti, "Atate, tiione." Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

KUCOKERA KU CHONGWE KUFIKA KU RUFUNSA

Tinanyamuka Loweruka mbandakuca, titapemphera. Dzuwa linatituluka tiri ku Chongwe, dziko la Asoli, kumene caka ndi caka amacita mwambo wa Chakwela Makumbi wopempha mvula. Caka cimeneco dzina la mwambowo linali lomveka kwa aliyense, pakuti mitambo inali itakana. Mudzakumbukira kuti pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi cinapserera m'munda. Ife a m'tauni cilalaco tinacidziwira pa mtengo wa ufa ndi pa kuzima kwa magetsi, madzi atacepa ku Kariba. Koma m'mawa umenewo tinaciona ndi maso. Minda inali mbee, mapesi ake aafupi ngati a mapira osakhwima, ndipo pa makomo ambiri nkhokwe zinali zopanda denga, cizindikiro cakuti munalibe coti n'kuteteza ku dzuwa kapena ku mvula.

Ana athu sanadziwe kuwerenga zizindikiro zotere. Iwo anakondwa ndi akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu, pambali pa mseu, pamene madzi amatumphuka m'nthaka akufuka nthunzi. Wamng'ono anafunsa kuti ndani amasonkha moto pansipo. Tinamuyankha monga tinathera, koma m'mtima tinadabwa naye pamodzi, pakuti pa malo amenewa tinali titapitapo kakhumi, popita ndi pobwera, osadziwa kuti alipo.

Kuyambira pamenepo mpaka ku Rufunsa, m'mphepete mwa mseu munali mizere ya matumba a makala, ataimikidwa ngati anthu odikira basi. Tinaima kuti tigule madzi akumwa, ndipo tinaceza ndi bambo wina wacikulire amene anali kulonda matumba ake. Mmodzi wa ife, mwa nzeru za m'tauni, anayamba kudandaula za kutha kwa mitengo. Bamboyo anamvetsera mwaulemu mpaka mau atatha, kenaka anati: "Zoona bambo, nkhwangwa ndi yanga. Koma mbaula iri kwanu. Cimanga canga cinapsa, ana afuna nsima, ndipo inu magetsi anu akazima mumafuna makala. Tikadula tonse mtengo umenewu, ine kuno, inu uko." Tinasowa poyankha. Papa Fransisko m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015 anaphunzitsa kuti kuonongeka kwa cilengedwe ndi kusauka kwa anthu ndi bvuto limodzi losalekanitsika. Cimene tinacimva kangapo pa misonkhano ya ku parishi, tsiku limenelo tinacimvetsa kucokera pakamwa pa munthu woocha makala.

MAPIRI A MANENEKELA

Kupitirira Rufunsa dziko limayamba kusintha. Midzi imatalikirana, mseu umayamba kukhotakhota, ndipo mapiri amabwera pafupi, limodzi kumbuyo kwa linzake, mpaka akutali amaoneka obiriwira ngati utsi. M'dera lomweli muli mishoni ya Mpanshya ndi cipatala cake ca St Luke's, cimene cimathandiza anthu a m'mapiri muno pamodzi ndi ovulala pa mseu. Kenaka mumalowa m'mapiri a Manenekela, dzina limene aliyense wa Kum'mawa amalichula mocepetsa mau, cifukwa ngozi zacitika zambiri pa makhonde ake. Pansi m'zigwa tinaona zitsulo za magalimoto zitacita dzimbiri. Tinazimitsa wailesi, ndipo mai a m'nyumba anatulutsa korona.

Koma onani zimene usiku unali kutibisira zaka zonsezi! Udzu unali wouma, malo ena utapsa ndi lupsa, nthaka iri bii ndi phulusa. Pamwamba pa zonsezo mitengo ya mombo inali itayamba kuphuka masamba atsopano, ena ofiira ngati magazi, ena ngati mkuwa, ena acikasu, kotero kuti phiri lonse linali ngati lavala citenje ca pa cikondwerero. Mtengo umenewu sudikira mvula kuti uphuke. Umatulutsa masamba pakati pa cilimwe, miyezi iwiri kapena itatu dontho loyamba lisanagwe, podalira cinyezi cimene mizu yake imacipeza pansi patali. Tinaimika galimoto pa malo otakasuka, tonse asanu tinatsika, ndipo kwa kanthawi palibe analankhula.

Tsiku limenelo tinali kupemphera zinsinsi za cimwemwe. Pofika pa caciwiri, ca Amai Maria pokaceza kwa Elizabeti, mwana wathu woyamba ndiye anatikumbutsa kuti naonso anayenda m'dziko la mapiri. Zoonadi, Luka Woyera amasimba kuti Maria atamva za mbale wake wokalamba, ananyamuka mofulumira kupita ku mapiri a Yudeya, nakhala kumeneko monga miyezi itatu. Sanaitanidwe ndi maliro. Anapita kwa munthu wamoyo amene anali kusowa dzanja lomuthandiza ndi mnzake woceza naye. Cinsinsi cimeneci tacinena kambirimbiri ndi milomo, koma pa Manenekela cinatilasa mtima.

PA ULALO WA LUANGWA

Kucoka m'mapirimo mseu umatsika, ndipo kutentha kumakwera. Mombo umatha, m'malo mwake mumayamba kuona milambe ikuluikulu yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Pa mtunda wa makilomita oposa 200 kucokera ku Lusaka pali msika wa Luangwa Bridge. Apa pali nsomba zouma ndi zowamba zitaunjikidwa pa matebulo, masau, malambe, mphasa, madengu ndi malicero olukidwa mwaluso. Tinagula nsomba za Amai ndi licero latsopano. Ana analawa masau, nakwinya nkhope, kenaka anapempha ena. Pafupi pomwepo pali mphambano ya mseu wolowera kum'mwera ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, dera limene ansembe a Cijezuiti anakhazikitsa mishoni ya Katondwe.

Ulalo weniweniwo, umene unamangidwa mu 1968, ndi wolenjekeka pa zingwe zacitsulo zocokera pa nsanamira ziwiri zazitali. Pansi pake mtsinje unali utaphwa kwambiri, madzi akuyenda mwaulesi pakati pa mcenga woyera. Mtsinje umenewu ndiwo malire a Cigawo ca Lusaka ndi Cigawo ca Kum'mawa. Tinauza ana za malemu Kadinala Medardo Mazombwe, amene anatumikira mbali zonse ziwiri za ulalowu: anadzozedwa kukhala Bishopu wa Chipata mu 1971, anasankhidwa kukhala Arkibishopu wa Lusaka mu 1996, anakhala Kadinala mu 2010, namwalira mu 2013. Titaoloka, wamng'ono uja anafunsa kuti, "Amama, kodi kwathu tafika?" Tinayang'anana. Mwanayu anabadwira ku Lusaka, kumudzi anali asanapondeko, koma mau akuti kwathu anawachula ngati munthu wodziwa.

MATAUNI A ALIMI

Tsidya la mtsinje mseu umakweranso mapiri ouma mpaka ku Kacholola, kamudzi ka masitolo owerengeka. Kucoka apo dziko limayamba kufutukuka, ndipo mumafika ku Nyimba, kwa Ansenga, kumene nthoci zimakucingamirani musanazimitse n'komwe galimoto. Tinagona kumeneko kwa msuweni wathu.

Matauni a mu mseu uno, Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete, munthu wothamanga angati ndi ofanana onse: mzere wa masitolo, cigayo, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, sitolo ya mbeu ndi feteleza, ndi zikocikale zokokedwa ndi ng'ombe zitaima pa mthunzi. Koma woima n'kuyang'ana amaona kuti moyo wa matauniwa umapuma ndi munda. Kuno ndiko kumacokera cimanga, nshawa, thonje, soya ndi mpendadzuwa zimene zimadyetsa ndi kuveka ife a m'mizinda. Pa caka cabwino, miyezi ya Juni ndi Julaye sikelo za ogula mbeu zimapacikidwa pa mtengo uliwonse, ndalama zimayenda, malata ndi njinga zimagulidwa. Msuweni wathu anatifotokozera cisoni ca mlimi wamng'ono: amagulitsa cimanga pa mtengo wotsika atangokolola, cifukwa ngongole ndi sukulu sizidikira, ndipo mu Januwale amakagulanso cimanga comweco pa mtengo wokwera. Mu 2024 ngakhale cogulitsa panalibe. Sikelo zinali lende, zopanda thumba. Okalamba anali kufanizira cakaco ndi 1992, pamene anthu anapulumukira cimanga cacikasu cocokera kunja.

Amene anali ndi pogwira ndi okhawo a madimba. M'madambo, pamene madzi anali asanathawe kwambiri, tinaona timinda tobiriwira ta repu, tomato ndi anyezi, totetezedwa ndi mipanda ya minga, amai ndi ana akutunga madzi m'zitsime zokumba ndi manja. Pa mjigo uliwonse panali mzere wa zigubu, ndipo ng'ombe zinali kudikira pambali nthiti zikuwerengeka.

Lamulungu m'mawa, tisanafike pa mphambano ya ku mishoni ya Minga, tinamva kulira kwa cingerengere ca galimoto comenyedwa ndi citsulo, belu la machalichi a kumidzi. Tinapatuka. Kanali kachalichi ka njerwa zoocha, mipando yake ya mitengo yopingasa. Wansembe amafikako mwa kamodzikamodzi, cifukwa parishi ndi yaikulu, motero mapemphero anatsogolera ndi akatekisiti. Pa nthawi ya zopereka, anthu amene minda yao inapsa anabwera kutsogolo akuvina: wina kambale ka nshawa, wina mazira awiri, wina mtolo wa repu. Akatekisiti analengeza kuti zonsezo zipita kwa nkhalamba zitatu za m'mudzimo zimene zinalibe ozisamala. Kenaka anatiimika ife alendo kuti tidzichule, ndipo atamva kuti tikupita kukaona Amai, anafunsa modera nkhawa kuti, "Kodi adwala?" Titayankha kuti iai, tikungokawaona, chalichi conse cinaomba m'manja ndi nthungululu. Manyazi anatigwira. Cinthu cimene cinayenera kukhala ca masiku onse cinali citasanduka codabwitsa.

PA KHOMO LA AMAI

Tinadutsa mphambano ya Petauke, tinadutsa Sinda kumene kuli sukulu ya Chassa, ndipo dzuwa litapendeka mapiri a Mphangwe anaonekera kutsogolo. Ku Katete kunali piringupiringu, pakuti inali nyengo ya Kulamba, mwambo umene Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana ku Mkaika kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Ife tinasiya tala, tinalowa kamseu ka fumbi.

Amai tinawapeza atakhala pa mphasa pa khonde. Anamva galimoto, anatembenuza mutu, koma sanaimirire. Tinagwada patsogolo pao ndi kuomba m'manja. Anatizindikira ndi mau. Adzukulu atayandikira, Amai anatambasula manja nayamba kupapasa nkhope zao, mphumi, mphuno ndi cibwano, akunena kuti, "Uyu ndi mphuno ya malemu agogo ake aamuna. Uyu masaya ndi a kwa atate ake." Pamenepo ndi pamene tinaona kuti m'maso mwao munali mutayera. Amai anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo kwa caka ndi miyezi anali kungoona zithunzithunzi.

"Amai, bwanji simunatiuze?"

"Ndikanakuuzani mukanatumiza ndalama," anatero. "Ndipo ndalamazo zikanandigwira dzanja kupita nane ku cipatala?"

Zinanso zimene foni sinatiuze tinaziona tokha. Nkhokwe inali yopanda kanthu. Citsime ca pafupi cinali citauma, ndipo madzi anali kuwatungira mtsikana wa nyumba yoyandikana, wamasiye, amene Amai anali kugawana naye ufa wogula ndi ndalama zathu zija. Denga la khichini linali litagwa mbali imodzi. Koma pamwamba pa moto, pa mtanda wakuda ndi mwaye, panali ngala zingapo za cimanga ca makolo zitamangidwa pamodzi. Njala yonse ija Amai sanazikhudze. "Imeneyo ndi mbeu," anatero. "Wakudya mbeu wadya caka ca mawa." Madzulo analamula kuti nkhuku igwidwe, ndipo kukana kwathu konse sikunaphule kanthu. Ana anadya nsima ya mgaiwa atakhala pansi mozungulira agogo ao, amene anali kuseka Cinyanja cao ca m'tauni ndi kuwaongola mau amodziamodzi.

Tinali titakonza zokhala masiku atatu, koma tinakhala sabata yathunthu. Abambo ndi anyamata anakonza denga. Tinapita nao Amai ku cipatala, ndipo madokotala anatiuza cinthu cimene tikufuna kuti aliyense wowerenga nkhani ino acidziwe: ng'ala si ufiti, ndiponso si cilango ca ukalamba coti munthu angocilandira. Ndi kuyera kwa kagalasi ka m'kati mwa diso, ndipo kawirikawiri amakacotsa ndi opaleshoni yaifupi, munthu n'kuyambanso kuona. Patapita miyezi iwiri mmodzi wa ife anabwereranso kukakhala nao pamene anawacita diso loyamba.

ABALE, TISADIKIRE UTHENGA

Sitikulemba izi kuti tidzitame, pakuti tinacedwa, ndipo cikhala Amai sanatiseke pa foni, bwenzi tikali kudikira uthenga wa usiku. Tikulemba cifukwa tidziwa kuti m'maparishi athu a m'tauni tiri ambiri amene mseu wa kwathu timaudziwa mu mdima mokha. Kupita ku maliro ndi nchito ya cifundo, ndipo tisaleke. Kutumiza ndalama ndi kwabwino, ndipo tisaleke. Koma pali zinthu zimene kholo silinena pa foni: diso limene likuyera, nkhokwe imene yatha, mwendo umene watupa, kusungulumwa kwa madzulo. Zimenezi zimafuna munthu wofika ndi kukhala pa mphasa. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo. Ngati mabungwe athu amatha kusonkha ndalama za lole ya maliro pa tsiku limodzi, kodi sangathe kuthandizana kuti banja limodzi pa caka likaone makolo ali moyo?

Mvula ya kumapeto kwa 2024 inabwera, ndipo mu 2025 dziko linakolola cimanga cambiri. Pa Pasaka wa caka cimeneco tinauyendanso mseu uja. Mapiri a Manenekela anali obiriwira, Luangwa anali wodzaza, ndipo nkhokwe za m'njira zinali kumangidwa madenga atsopano. Ana anali kuchula okha maina a malo tisanafikepo: Chinyunyu, Rufunsa, Kacholola, Nyimba. Pofika pa kamseu ka fumbi kaja, tinaona munthu ataima m'mbali mwa munda wa cimanga ca makolo, dzanja liri pa mphumi. Anali Amai. Anationa ndiwo poyamba, tikali patali, ndipo anayamba kuwerenga mokweza mitu ya m'galimoto kuti aone ngati tabwera tonse.

Tidziwa kuti tsiku lina, pa nthawi imene Mulungu yekha adziwa, tidzauyendanso mseu umenewu usiku, pa lole, azimai akuimba. Tikupempha kuti tsikulo licedwe. Pakali pano tapangana ndi Amai kuti mombo ukayamba kufiira, aziyala mphasa.